Mphasa yaifupi ya agogo anga

Ndinakulira kwa agogo anga aakazi ku Mwanza, m'mudzi wina wa kufupi ndi msewu wa ku Thambani. Kumunsi kwa nyumba yathu kunali dambo. Silinali lalikulu ayi, munthu ukanatha kuliwoloka usanamalize kusenda nachesi, komabe ndilo linkatidyetsa. M'mphepete mwake agogo ankalima dimba la mpiru ndi tomato, pakati pake nkumamera bango lomwe ankasokera mphasa. Ngakhale mu Okotobala, dzuwa likuswa mtengo, chitsime cha pansi pa katope sichinkaphwa.

Ife a ku Mwanza makatapila sitiwadabwa. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala inadutsa kwathu kuno, ndipo mu 2022 inakhazikitsidwa ntchito yokoka mawaya a magetsi kuchokera ku Matambo ku Tete kudzera m'boma lomweli mpaka ku Phombeya. Koma chimene chinadula dambo lathu sichinali chachikulu chotero. Anali mapaipi a madzi basi, ndipo tinawavinira, poti amayi anali atatopa ndi ndowa.

Kontilakitala anakumba ngalande yolekeza m'chiuno, kulidula dambo pakati. Dothi lakuda la pamwamba analisakaniza ndi lotuwa la pansi, nkuika paipi, nkukwirira. Potsazika anatisiyira mbande za bulugamu kuti tibwezeretse chilengedwe. Ndiulule pompano: amene anasenza mbandezo kukadzala m'mbali mwa dambo ndine, ndi dipuloma yanga yomwe. Ndinalembanso kankhani koyamikira.

Agogo anangondiyang'ana. "Iwe, mtengo umenewu ndi chidakwa. Ukuukhazika pa mtsuko?" Ndinaseka, ndikuti ndi za okalamba.

Patapita zaka zitatu, chitsime chinaphwa mu Ogasiti. Dimba linauma, ndalama ya sopo ndi mchere nkusowa. Bango linatsala la apo ndi apo, pamzere wa paipi pakumera chisoso. Madzi a pampopi analipo, koma ngolipira, sungathirire nawo mpiru.

Mlangizi wina wa zaulimi ndiye anandimasulira mwambi wa agogo uja. Dambo limasunga madzi chifukwa pansi pake pali dongo losalola madzi kulowerera. Ukaliboola nkukwirira mwachisawawa, ngalandeyo imasanduka mtsinje wobisika, madzi nkumathawa motsata paipi. Nalo dothi lakuda lija ndi nkhokwe ya njere ndi mizu ya zomera za pomwepo. Ukalikwirira pansi, waika mbewu m'manda. Bulugamu, mtengo wobwera kuchokera ku Australia, anangomalizitsa ntchitoyo.

Mau a akuluakulu akoma akagonera. Ndinakwera minibasi kubwerera kumudzi, ndipo ndi atsibweni tinakagwada kwa amfumu. Mudzi unavomera. Tinadula bulugamu yense, tinafukula ngalande ija malo atatu mosamala kuti tisaswe paipi, nkutsendera dongo kuti madzi asowe pothawira. Kudambo la mudzi woyandikana nawo tinakapempha zibuma za dothi lakuda, mizu ya bango ili momwemo. Agogo, ali chikhalire pa chitsa, ndiwo anali kapitawo. "Katopeyo kumunsi uko, amakonda kuponda m'madzi. Mkuyu kumtunda. Bango musalidzale mothinana, limayenda lokha." Amfumu analetsa moto ndi mbuzi kwa zaka ziwiri.

Sindikunamizani kuti zonse zinabwerera mwakale. Kuononga kunatenga sabata imodzi, kukonza mpaka lero tikadali nako. Chitsime chimafika Seputembala, kenaka nkuyamba matope. Koma achule anabwerera, nazo mpheta zayambanso kulendewera m'bango.

Madambo otchuka ali ndi owayankhulira. Nyanja ya Chilwa inalowa m'kaundula wa Ramsar mu 1996, Elephant Marsh mu 2017. La agogo anga silili m'buku lililonse, chonsecho timadambo totere ndito timayamwitsa mtsinje wa Mwanza pa ulendo wake wopita ku Shire. Sindikudana ndi mapaipi, njanji kapena mawaya, tikuzifuna ndithu. Pempho langa kwa inu olemba makontilakiti muli m'tauni ndi laling'ono: lembanimo kuti dothi lakuda liziikidwa palokha nkubwezeredwa pamwamba, ngalande izitsekedwa ndi dongo, ndipo musanagule mbande muziyamba mwafunsa nkhalamba za pamudzipo kuti pamenepo pankamera chiyani.

Chaka chatha agogo anadula bango loyamba nkundisokera mphasa. Bangolo linali lisanatalike, choncho mphasayo ndi yaifupi, ndikagonapo mapazi amakhala pa simenti. Pondipatsa anati, "Tenga, mdzukulu wanga. Ikakuchepera, ukumbukire amene anaifupikitsa."

Ili kuno ku Chilomoni, ndipo ndimagonapo ndithu.