Juzi yobiriwira ya ku England ndi chitenje cha ambuya

Abale anga a ku Kanakantapa, ambiri mwandifunsa za chithunzi chija ndavala chipewa, juzi yobiriwira ndi buluku, foloko yokumbira mbatatesi ili paphewa. Mlongo wanga anachita kundiimbira foni ali kuseka: "Asisi, ulendo wonse uja mumapita kukagwira ganyu yolima kwa azungu?" Lekani ndifotokoze kamodzi, aliyense amve.

Ntchito yondidyetsa kuno ndi yosamalira nkhalamba. Koma Loweruka limodzi pamwezi ndimapita ku kanyumba kena kosungirako zinthu zakale, kumene anthu wamba timavala ngati a nthawi ya nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, alendo n'kumatifunsa mafunso ife tikugwira ntchito. Malipiro palibe, kupatula tiyi ndi ndalama ya basi. Ine ndimakhala Land Girl. Nkhani yake ndi iyi: nkhondo itayandikira, boma la Britain linadzutsa gulu la Women's Land Army mu 1939, ndipo amuna atapita kunkhondo, Majeremani n'kumamiza sitima zobweretsa chakudya, akazi olima m'gululi anafika pa 80,000. Ankakama ng'ombe, kukolola, ngakhale kupha makoswe m'nkhokwe. Gululi linatha mu 1950, koma baji yowathokoza anailandira mu 2008, ambiri ali kale kumanda.

Tsiku loyamba mayi wina wachizungu anayamba kundiphunzitsa kagwiridwe ka bere la ng'ombe, pa ng'ombe yamatabwa. Ndinangomvetsera mwaulemu. Mwana wokulira pa puloti ku Kanakantapa, wodzuka mbandakucha kukapalira chimanga asanapite kusukulu! Pakutha pa mwezi ndinali ine wowaphunzitsa.

Chimene ndimawagomera anthu awa ndi kusamala. Batani la juzi likhale la nthawi imeneyo. Wotchi yamakono vula, foni bisa, utoto wa m'zikhadabo chotsa. Kabuku kogulira shuga ndi batala mwa muyezo amakakopera ndendende pa kenikeni. Ku Beamish, kumpoto kwa England, anakonza mpaka famu yonse ya zaka za m'ma 1940, nkhumba ndi khitchini yake yomwe. Mwana akagwira chinthu ndi manja ake saiwala.

Ndiye tsiku lina kamtsikana ka sukulu kanandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa mosazungulira ngati kunalidi ma Land Girl akuda. Ndinakauza za Amelia King, mtsikana wakuda wa ku Stepney mu London, amene mu 1943 anamukana kulowa gululi chifukwa cha khungu, mpaka nkhani inafika ku nyumba ya malamulo. Mmodzi wa otiyang'anira anandikokera pambali pambuyo pake, akuti zoterezi zimawononga chisangalalo cha alendo. Ndinamuyankha kuti ngati batani liyenera kukhala loona, nkhani nayonso ikhale yoona. Mpaka lero ndimaifotokoza.

Usiku womwewo ndinaimbira amai. Nditawauza zonse anangoti, "Iwe, nkhondo ya eni ake ukuidziwa chonchi, nanga yathu ija?"

Manyazi anandigwira. Kanakantapa ndi malo atsopano, boma la a Kaunda linayamba kugawa mapuloti kwa achinyamata chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, motero ambiri a ife timaganiza ngati mbiri yathu inayamba ndi mapulotiwo. Koma makolo athu anabwera ndi zimene anaona. Pa 19 October 1978 ndege za Ian Smith zinaphulitsa msasa wa Chikumbi kufupi ndi Lusaka, ndipo tsiku lomwelo asilikali ake anaukira msasa wa ku Mkushi, umene munali atsikana a ZAPU ya Joshua Nkomo. Mu November 1979 anagwetsa milatho ingapo m'dziko lathu, umodzi mwa iyo ndi wa pa mtsinje wa Chongwe, pamsewu wopita ku Chipata, womwe timadutsa tikamapita ku boma. Amai anali ndi zaka 14. Akuti magalimoto anaunjikana tsidya ili ndi tsidya lija, ndipo ambuya ndi anzawo ndiwo ankasenza katundu wa apaulendo pamutu, kuphikira anthu osowa kolowera, usiku n'kumaphimba koloboyi kuti kuwala kusaoneke. Kukamveka ndege, ambuya ankabereka wamng'ono, kukoka enawo n'kukagona nawo m'ngalande. Amai aakulu anga atamaliza Fomu 5 anapita ku National Service monga ankachitira onse nthawi imeneyo, atsikana omwe, n'kuphunzira kugwira mfuti. Zaka zonsezi ndakhala ndikudya nawo nsima mbale imodzi osawafunsa.

Ku Whitehall mu London kuli chipilala cha akazi a nkhondo, chimene anachitsegula mu 2005. Palibe nkhope ya munthu, pali zovala zokhazokha zopachikidwa ngati eni ake angozivula. Nditaima pamenepo ndinakumbuka Mama Julia Chikamoneka, amene mu 1960, nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain Iain Macleod itafika ku Lusaka, anaichingamira ndi anzake atavula kumtunda. Azungu amakumbukira akazi awo ndi yunifomu. Wathu chida chake chinali kuvula, mayi wamkulu kuonetsa thupi pamaso pa ana, chinthu chimene kwathu ndi temberero. Mungamuvale bwanji ameneyu? Apa ndi pamene ndinazindikira kuti za kuno sitingazinyamule zonse m'sutikesi. Ambuya analibe chipewa kapena baji. Anali ndi chitenje chimodzi, chomwecho chobereka, chomwecho nkhata.

Komatu kusewera mbiri si kwachilendo kwa ife. Amene anapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni anaona impi za Angoni ndi zishango zawo. Kwathu ku Chongwe tili ndi Chakwela Makumbi, pamene amfumu Nkomeshya Mukamambo II amatsogolera Asoli kupempha mvula. Luso tili nalo, kuposa ngakhale anzanga a kuno amene amawerenga mawu awo papepala. Chimene chimandiwawa ndi sewero la pa 24 October kusukulu: mnyamata wamtali amakhala Kaunda, wina Kapwepwe, wina mzungu wopaka choko kumaso, atsikana ntchito yawo nthungululu basi. Ku Chilenje House 394, kumene ankakhala a Kaunda, mukaona mipando ndi Land Rover yawo, koma pa mbaula palibe munthu wokuuzani mmene Mama Betty ankadyetsera ana bambo ali kuthamanga ndi ndale.

Zina za kuno sindizifuna n'komwe. Nthawi zambiri nkhondo yawo yasanduka phwando, magule, milomo yofiira ndi makeke, ngati panalibe amene analira. Ndiponso kudzipereka kwaulere ndi kwa anthu okhuta. Anzanga ambiri pano ndi opuma pantchito, penshoni ikulowa mwezi ndi mwezi. Simungauze mayi wa ku Kanakantapa kuti asiye tomato wake pamsika tsiku lathunthu adzasangalatse alendo popanda kanthu. Tikayamba zimenezi kwathu, wofotokozayo alandire kangachepe.

Koma ife tili ndi chimene iwo alibenso. Ma Land Girl enieni atsala owerengeka, ndiye ndikalakwitsa palibe wondidzudzula. Athu alipo, ali pakhonde akusenda nyemba, ndipo mtsikana akamanga chitenje molakwika amuuza pompo.

Ndikubwera mu December. Amene muli ndi amai kapena ambuya okumbukira zaka zimenezo, kulikonse kumene anali, afunseni ngati angalole kuti tikhale nawo pansi tiwajambule mawu. Musataye koloboyi wakale, chitenje cha UNIP, khadi la chipani, chithunzi cha ku National Service, ngakhale makuponi a ufa a 1989. Aphunzitsi amene muli ndi kalabu ya masewero, ndilembereni tione ngati atsikana anu angakonzekere October wamawa. Amai avomera kuyamba iwo kufotokoza, bola ndiwabweretsere shuga ndi nsapato zofewa.