Ndalama siyankha moni, abale

Tikamakamba za okalamba ovutika, ambiri timangoganiza za agogo aakazi. Koma ine mwana wa pa Namadzi ndikuti tayang'anitsitsani abale. M'midzi yathuyi muli tinyumba tomwe mumagona abambo okalamba okhaokha. Moto akoleza okha, madzi akatunga okha, akadwala abuula okha.

Chimawafikitsa pamenepa n'chiyani? Kwathu kuno ku Chiradzulu mwamuna amapita kuchikamwini. Amamanga nyumba, nalima, nabzala mango pamalo a kuchikazi. Mayi akatsogola, mwambo wosudzula ukangotha, bambo uja amapinda mphasa kubwerera kwawo komwe anachokako ali mnyamata. Ana ndi a kwa mayi awo. Kwawoko akapeza alongo ake anatha kale, munda wake anagawana, ana a pamudzi akumuona ngati mlendo.

Ena ndi aja anathera mphamvu zawo m'migodi ya ku Joni. Ndege yonyamula anthu a Wenela itagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu analetsa maulendowa. Anayambanso mu 1977 pansi pa Theba, nathera mu 1988. Nthawi yomwe ana awo amakula, iwo anali pansi pa nthaka. Lero mwana aziwasowa bwanji bambo omwe ankangowadziwira pa bulangete ndi wailesi?

Pali madala awiri omwe ndimakonda kucheza nawo. Oyambawo ali ndi nyumba ya malata, ndipo mwana wawo wa ku Lilongwe amatumiza ndalama pafoni mwezi ndi mwezi. Koma nkhope yawo ndi ya maliro. Tsiku lina anandiuza kuti, "Mdzukulu wanga, ndalama siyankha moni. Ndimatha masiku atatu osatsegula pakamwa."

Achiwiriwo nyumba yawo ndi yaudzu, yodontha. Amaluka malichero n'kukagulitsa pamsika wa Namadzi, masana ali pabawo, ndipo pakabuka mlandu wa malire amfumu amawaitana poti ndi omwe akudziwa pomwe panali mtengo wakale. Ndikawafunsa za moyo amangoseka: "Iwe, ndikapanda kuoneka pabawo amabwera kudzandifuna."

Kusiyana kwake ndi komweko. Munthu amakhutira ndi moyo akadziwa kuti akasowa, wina adzamufuna.

Musati ndi nkhani ya umphawi wathu wokha ayi. Ku South Korea, dziko la magalimoto a Hyundai ndi mafoni a Samsung, ali ndi dzina la imfa yofera wekha m'nyumba, mtembo n'kudzapezeka patapita masiku. Amati godoksa. Boma lawo linawerenga anthu 3,378 omwe anafa chotere mu 2021, ndipo amuna anachuluka kuposa akazi kasanu. Mwamuna amakula akudalira ntchito ndi mkazi. Ziwirizi zikachoka, amatsala ngati chitsa.

Kuno kwathu palinso choopsa china. Nkhalamba ikamakhala yokha, mwana akangomwalira pamudzi zala zimaloza komweko, eti ndi mfiti.

Aphungu athu anavomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024. Zikomo kwambiri, koma lamulo silikuwa odi pakhomo. Amipingo ndi a kumzikiti, apatseni madalawa ntchito, ngakhale yosunga makiyi. Mafumu, muziganiza kawiri musanalole kuti bambo wa imvi achotsedwe panyumba yomwe anamanga yekha. Ndipo anyamata anzanga omwe mwathamangira kuchikamwini chaka chino, muziyenderako kwanu. Mudzafuna pobwerera.