Za Kuyesa Ciongola-dzanja ndi Muyeso Umodzi

Abale athu a kuno kwa Kapelula, ndi inu nonse olima fodya m'dziko la Kasungu, tifuna kuceza nanu za ndarama zimene mumalandira mutagulitsa mabelo anu ku Chinkhoma. Mlimi wa fodya alandira mphotho ya thukuta lace nyengo imodzi yokha pa caka, ndipo ndarama zomwezo ziyenera kudyetsa banja, kulipirira ana sukulu, ndi kugula feteleza mvula isanagwe. Cifukwa cace sitidabwa poona ambiri alikufuna malo kumene ndarama zao zingabale. Koma cotimvetsa cisoni ndi ici, cakuti ambiri asankha malowo ndi khutu lokha: akamva nambala yaikuru, pomwepo aithamangira.

Ife aphunzitsi timauza ana kuti nsaru yoyesedwa ndi mkono siyerekezedwa ndi yina yoyesedwa ndi mita, kufikira zonse ziwiri zitayesedwa ndi muyeso umodzi. Momwemonso ciongola-dzanja ciri nao muyeso wace, ndiwo caka cathunthu ca miyezi 12.

Tiyeni titenge citsanzo. Munthu ali nazo K100,000, ndipo malo atatu alikumuitana. Oyamba ati, adzampatsa K12 pa K100 iri yonse, kamodzi kokha pakutha caka. Adzaturuka nazo K112,000. Aciwiri ati, K1 pa K100 iri yonse mwezi ndi mwezi, naiphatikiza pa ndarama zace. Mwana wofulumira adzayankha kuti malo awiriwa ali cimodzimodzi, pakuti K1 kakhumi ndi kawiri ndiyo K12. Koma waiwala kuti phindu la mwezi woyamba libalanso lace mwezi waciwiri, monga mbuzi yaikazi imene mwana wace akula nayamba kubala nayenso. Pakutha caka ndarama zidzakhala K112,680.

Acitatu ati, K5 pa K100 iri yonse miyezi itatu iri yonse. Nambala 5 imveka yocepa pa 12, ndipo ambiri adzaipitirira. Koma tawerengani pa pepala. Itatha miyezi itatu pali K105,000. Itatha isanu ndi umodzi, K110,250. Itatha isanu ndi inai, K115,760. Ndipo pakutha caka, K121,550. Phindu leni-leni ndilo pafupi-fupi K21 ndi theka pa K100 iri yonse. Nambala yonyozeka ija yapambana zinzace zonse.

Tsono lamulo lace ndi ili: pa nthawi iri yonse yolonjezedwa, phatikizani phindu pa ndarama zanu, ndipo werengani phindu lotsatira pa zonse pamodzi, kufikira miyezi 12 itakwana, pamenepo cotsani zimene munayamba nazo. Cotsala ndico ciongola-dzanja coona ca pa caka. Musaiwale kucotsanso msonkho wa Boma ndi tindarama timene banki idula posunga buku lanu.

Mpeni womwewu umacekanso mwini wace. Wokongola K100,000 pa K10 pa K100 iri yonse mwezi ndi mwezi, akapanda kubweza kanthu kufikira fodya wa caka camawa, adzapeza ngongole yace yafika K313,800. Nanga wa katapila, amene afuna theka la ndarama pa mwezi umodzi, tidzanenanji za iye? Ndiponso inu a banki m'khonde, musanyengedwe ndi nambala ya pa mwezi, pakuti si ndarama zonse za m'bokosi zimene zikongozedwa miyezi yonse, ndipo mbali ina ya phindulo icokera m'thumba lanu lomwe pamene munakongola. Lembani zimene munaponya ndi mwezi wace, lembaninso zimene munalandira tsiku logawana, kuti muone bwino kubala kwace.

Watsala mdani mmodzi amene saoneka m'buku la banki, ndiye kukwera kwa mitengo ya zinthu. Mu November 2023 Reserve Bank ya Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100, ndipo m'caka ca 2024 mitengo ya zinthu inakwera kopitirira 30 pa 100. M'caka cotere, K121,550 zija zigula zinthu zimene K93,500 zinagula poyamba. M'buku munthu walemera, koma m'sitolo wasauka. Pa nyengo yotere mlimi wogula feteleza msanga, namsunga pouma, angathe kupindula koposa mnzace wosunga ndarama. Sitinena kuti kusunga kuli kwacabe, iai, pakuti ndarama zokwiriridwa m'nyumba zidyedwa ndi mdani yemweyo osabala kanthu, ndiponso mbala ndi ciswe ziri pafupi.

Cotero, abale, munthu akadza kwa inu ndi malonjezo okoma, mumfunse mau anai: Phindulo ndi lingati? Lidza pa miyezi ingati? Kodi liphatikizidwa pa ndarama zanga? Ndipo zikataika, adzandibwezera ndani? Akakwiya nao mafunso awa, gwirani thumba lanu. Ngati masamu akubvutani, itanani mwana wanu wa sukulu, kapena dzani nalo pepalalo kwa mphunzitsi, tiwerengere pamodzi musanasaine. Akuru anati, kuona maso a nkhono nkudekha. Munadekha miyezi yambiri kuyambira ku nazale kufikira ku cigafa. Dekhaninso madzulo amodzi ndi pensulo m'dzanja.