Ulendo wa ku West Lafayette Kukafunira Apongozi Pokhala

Ukachoka ku South Bend, mzinda wa ku Indiana komwe kuli Amalawi ambiri, msewu wa US 31 umalunjika kummwera pakati pa minda ya chimanga ndi soya. Unali mwezi wa Okutobala, makina okololera ali kalikiliki, fumbi lili koboo. Pa Rochester tidapatukira mumsewu wa 25 wodutsa ku Logansport ndi Delphi. Amuna anga ankayendetsa ali duu. Ine ndidafumbata envulopu ya mapepala a bambo awo, pamwamba pake pali DD-214, chikalata chomwe msilikali wa ku America amalandira potuluka usilikali. Popanda chikalatachi, nkhani yowapezera malo siyiyambika n'komwe.

Apongozi angawa adakamenya nkhondo ku Vietnam mu 1968. Kumeneko ndege zinkapopera mankhwala a Agent Orange ofotetsa nkhalango, ndipo kuyambira mu 2010 unduna woona za asilikali akale, womwe aliyense amangouti VA, umavomereza kuti Parkinson's ndi amodzi mwa matenda obwera ndi mankhwalawo. Ndiwo akuwavuta. Manja amanjenjemera, miyendo imakana kunyamuka, chakudya chimawatsamwa. Tawasamalira pakhomo mpaka pomwe mphamvu zathu zathera, koma usiku amagwa, ndipo tonse timagwira ntchito.

Kwa mwana wa ku Malawi nkhaniyi ndi yolemera. Kwathu kholo limakalambira pakhonde la ana ake, ndipo wolipititsa kwina amamunena kuti walitaya. Mayi anga nditawauza pafoni adafunsa funso limodzi: "Nanga kumeneko akawasambitsa ndani?" Funso limeneli ndi lomwe ndidanyamula, chifukwa inenso ntchito yanga ndi yomweyo. Ndine wothandiza anamwino, kuno amati CNA. Ndimasambitsa okalamba, kuwadyetsa, kuwasintha matewera. Ndikudziwa kuti ubwino wa nyumba yosamaliramo okalamba uli m'manja mwa anthu ngati ine, omwe malipiro athu ali m'gulu la otsikitsitsa m'nyumba monsemo.

Msilikali wakale wofunika chisamaliro cha usana ndi usiku ali ndi njira zitatu. Pali nyumba za VA yeniyeni zotchedwa Community Living Centers, pali nyumba za eni ake zomwe zidapangana ndi VA, ndiye pali zomwe zimayendetsedwa ndi boma la dera lililonse, VA n'kumathandizapo ndalama ndi kuziyendera chaka ndi chaka. Ngati VA idapeza kuti kulumala kwa munthu kochokera ku usilikali kwafika 70 peresenti kapena kuposerapo, imalipira zonse. Apongozi ali m'gulu limenelo, choncho ndalama sizidatidetse nkhawa. Nkhawa yathu inali ina.

Tisananyamuke ndidawerenga pa Care Compare, tsamba la intaneti la Medicare, inshulansi ya zaumoyo ya boma la America, lomwe limapereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, potengera zomwe oyendera adapeza, kuchuluka kwa ogwira ntchito, ndi zinthu monga kugwa kwa odwala ndi zilonda za pogona. Nyenyezi zimathandiza kuchotsa nyumba zoipitsitsa, koma sizikuuza zomwe zimachitika Lamlungu usiku wogwira ntchito mmodzi akajomba. Ndipo mbendera yopachikidwa pakhomo si umboni wa chisamaliro. Mu 2020, ku Soldiers' Home ya ku Holyoke ku Massachusetts, asilikali akale osachepera 76 adamwalira ndi Covid-19. Ofufuza adapeza kuti akuluakulu, posowa ogwira ntchito, adaphatikiza mawodi awiri a odwala matenda oiwalaiwala, n'kusakaniza omwe anali ndi kachilombo ndi omwe sankaonetsa zizindikiro. Boma la Massachusetts lidavomera kulipira madola 56 miliyoni mu 2022. Chimodzi mwa zomwe zidadzetsa tsokalo chinali kuchepa kwa manja.

Indiana Veterans' Home, nyumba yomwe tinkapita kukaona ku West Lafayette, ili pamtunda moyang'ana mtsinje wa Wabash, kumpoto kwa yunivesite ya Purdue. Idatsegulidwa mu 1896 kuti isunge otsala a nkhondo yapachiweniweni ya ku America. Mitengo yake ndi ikuluikulu, masamba anali atafiira. Ndidakumbukira nyumba za asilikali akale ku Zomba, kufupi ndi Cobbe Barracks, komwe agogo omwe adamenya nkhondo ku Burma ankaothera dzuwa. Okalamba a kunowa amavala zipewa zolembedwa Korea kapena Vietnam, ena dzina la sitima yawo yankhondo.

Tidafika dala nthawi ya nkhomaliro. Kuchipinda chodyera nyumba siyingabise kanthu. Ndinkayang'ana ngati wodyetsa wakhala pampando maso ndi maso ndi wodwala, kapena waimirira n'kumangomukankhira sipuni kukamwa. Ngati amadikira kuti munthu ameze. Ngati mbale yobwerera yodzaza wina amaifunsa. Ndidaona mtsikana wina atakhala pansi, akumuitana mkulu wina ndi dzina, akumudikira mosathamanga. Mtima udakhalako pansi. Kunyumba ina ya eni ake yomwe tidaiona kufupi ndi kwathu, polandirira alendo panali maluwa ndi piyano, koma mkati munali fungo la mkodzo wogonera, ndipo nyale yoitanira thandizo idayaka pakhomo lina mpaka tidatuluka osaona wobwera.

Kenako ndidafunsa za pepala la ogwira ntchito. Nyumba iliyonse yolandira ndalama za boma za Medicare kapena Medicaid imayenera kupachika poonekera chiwerengero cha anamwino ndi owathandiza a tsikulo, komanso kuonetsa lipoti la oyendera kwa aliyense wolifuna. Mabanja ambiri amadutsa osaliyang'ana. Ine ndidafunsa kuti usiku wothandiza mmodzi amayang'anira anthu angati, ndi angati mwa iwo ndi aganyu ochokera kumakampani, ndipo amene wakhalitsa pawodipo watha zaka zingati. Waganyu akhoza kukhala wakhama, koma sadziwa kuti mkulu uyu akangoti zii ndiye kuti akumva ululu.

Pa Parkinson's ndidalimbikira kwambiri. Mankhwala a levodopa safuna kuchedwetsa. Ukadutsitsa nthawi, thupi limauma, munthu n'kulephera kumeza kapena kugwa. Ndidafunsa namwino wamkulu ngati amatsata nthawi yomwe dokotala wa mitsempha adalemba kapena nthawi yogawira mankhwala wodi yonse. Amuna anga adafunsa lawo, lomwe adalisunga njira yonse: bambo awo akalota za nkhondo amadzuka akumenya, ndipo pa 4 Julayi, makombola achikondwerero akamaphulika, amabisala. Kodi otere mumawatani? Namwinoyo sadadabwe. Adati munthu wotero samudzidzimutsa pomugwira, amayamba amuitana ali chapatali, nyale itayatsidwa. Yankho lomwe ndinkaopa ndi lakuti timawapatsa mankhwala ogonetsa, ndipo silidabwere. Apa ndi pomwe nyumba ya asilikali okhaokha imaposera zina: maloto amenewa si achilendo kwa iwo.

Panja tidapeza bambo wina pa njinga ya olumala akuwotha dzuwa. Ndidawapatsa moni, n'kuwafunsa kuti akaliza belu usiku amadikira nthawi yaitali bwanji. Adaseka, nati zimatengera yemwe ali pantchito, kenako adatchula mayina a omwe amawakonda. Yankho loona lotereli ndidalikhulupirira kuposa kabuku kokongola komwe adatipatsa. Ndidalembanso nambala ya ombudsman yomwe inali pakhoma. Ameneyu ndi woimira anthu okhala m'nyumba zotere, saali pansi pa oyendetsa nyumbayo, ndipo dera lililonse la America limayenera kukhala naye.

Chovuta chimodzi ndi mtunda. Kuchokera kwathu ndi maola oposa awiri, ndipo m'nyengo ya chisanu misewu ya ku Indiana imaterera. Wodwala amene abale ake amabwera pafupipafupi amasamalidwa bwino; izi ndaziona ndi maso anga kuntchito. Pobwerera tidawerengera masiku opuma a aliyense, tidaimbira alamu anga a ku Indianapolis, omwe ali pafupi ndi West Lafayette kuposa ife, ndipo adavomera kumakawaona pakati pa sabata.

Titafika tidawafotokozera apongozi zonse, zabwino ndi za mtunda zomwe. Adamvetsera, kenako adati sasainira malo omwe sadawaone. Tagwirizana kuti tipita nawo Lamlungu madzulo, nthawi yomwe mabwana kulibe, akadye nawo chakudya chamadzulo ndi kucheza ndi anzawo a ku Vietnam, mafomu tikadzaze pambuyo pake.