Kusamutsa Manambala a Foni: Ntchito ya Mmisiri wa ku Nsaru ndi Namitete

M'misika ya kumadzulo ndi kumpoto kwa boma la Lilongwe, monga ku Mpingu ndi ku Namitete m'mbali mwa msewu wa M12 wopita ku Mchinji, komanso ku Nsaru ndi ku Kabudula, wokonza mafoni amachulukiridwa ntchito yosamutsa manambala m'miyezi yogulitsa fodya, soya ndi mtedza, pamene alimi ambiri amasiya foni ya mabatani n'kugula ya tachi. Ntchitoyi imaoneka yochepa poyerekeza ndi kusintha sikirini kapena kuwotcherera potchajira, koma ikalakwika imapweteka mwini foni koposa, pakuti mumndandandamo ndi mmene muli wogula mbewu, mlangizi wa zaulimi, wakabaza, msungichuma wa banki m'khonde ndi mwana amene anapita ku Johannesburg.

Mmisiri wodziwa ntchito sayamba ndi kukopera, koma amayamba wafufuza kumene manambalawo akukhala, chifukwa malo ake ndi atatu: pa simu kadi, m'kati mwa foni yeniyeniyo, kapena mu akaunti ya pa intaneti, ndipo kawirikawiri amakhala omwazikana monsemu mwini wake osadziwa. Simu kadi, yomwe ndi kachipangizo kosunga laini ya munthu, nthawi zambiri imatenga maina pafupifupi 250, dzina lililonse ndi nambala imodzi yokha, ndiponso imadula dzina lalitali. Motero amene analembedwa kuti “Amalume a ku Kabudula ogulitsa mbuzi” amafika m'foni yatsopano dzina lili loduka, ndipo ngati anali ndi laini ya Airtel ndi ya TNM, imodzi imatsala m'mbuyo kapena imadzakhala payokha ngati ya munthu wina. Apa mpamenenso pali chikhulupiriro cholakwika, choti maina amabwerera limodzi ndi laini, chimene chasowetsa anthu ambiri mtendere. Kuyambira mu 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti laini iliyonse ilembetsedwe, munthu wotaya foni amabwezeredwa nambala yake yakale akaonetsa chiphaso cha unzika, ndipo ndalama za pa Airtel Money kapena pa Mpamba amazipezanso. Koma simu kadi yatsopanoyo imabwera yopanda dzina ndi limodzi lomwe, popeza mainawo anali m'kachipangizo kotayikako, osati ku kampani.

Manambala okhala m'foni amasamutsidwa bwino powasonkhanitsa mu fayilo imodzi yotchedwa vCard, imene dzina lake limathera ndi .vcf, ndipo mafoni a Android monga a Tecno, Itel ndi Samsung amaiwerenga mosavuta. Fayiloyi imaikidwa pa memole kadi kapena kutumizidwa pa Bluetooth, njira yolumikizira mafoni awiri oyandikana popanda waya kapena bandulo, chinthu chofunika m'midzi momwe netiweki imadukaduka. Mafoni ena a mabatani salola kutumiza mndandanda wonse pakamodzi, choncho mmisiri amakopera pang'onopang'ono kudzera pa simu kadi, kapena amalemba ndi dzanja. Asanayambe ndiponso akamaliza amaona chiwerengero cha maina mbali zonse ziwiri, mwini foni akuonerera. Foni yofunika kufulasha, kutanthauza kuikamo mapulogalamu ake mwatsopano, siikhudzidwa manambala asanatulutsidwe, chifukwa kufulasha kumafufuta zonse.

Njira yokhalitsa ndi akaunti ya Google, imene imasunga manambala pa intaneti n'kuwabweretsa okha m'foni iliyonse imene mwini wake waloweramo, ngakhale yakaleyo itagwera m'chitsime. Komabe pano mpamene amisiri ena amalakwira anthu kwambiri. Wogula foni amatseguliridwa akaunti mothamanga pa benchi, pasiwedi n'kukhala m'mutu mwa wotsegulayo, ndipo patapita chaka palibe amene akuikumbukira. Kuyambira pa Android 5.1 ya mu 2015, foni imene yafufutidwa osayamba watulutsamo akaunti imafuna akaunti yomweyo kuti itsegukenso, kotero mwini wake amatsekeredwa kunja kwa foni yake ndiponso kwa manambala ake. Mmisiri wachilungamo amalembera kasitomala imelo ndi pasiwedi papepala, amamuuza kuti akalisunge pamodzi ndi chiphaso, amalumikiza akauntiyo ku laini ya mwini wake osati yake, ndipo kwa amene sadziwa kuwerenga amapempha kuti pakhale wachibale amene iwo eni amukhulupirira.

Nthawi yosamutsayi ndi yabwinonso kukonza kalembedwe ka manambala. Ya ku Malawi yolembedwa kuyamba ndi 099 kapena 088 imagwira ntchito m'dziko muno, koma wopita ku Chipata kapena ku South Africa amafunika kuti iyambe ndi +265 m'malo mwa 0 woyambayo, monganso ya ku Zambia imayamba ndi +260 ndipo ya ku South Africa ndi +27. Popanda zimenezi achibale akunja saoneka pa WhatsApp. Pomaliza mmisiri amafufuta fayilo ya vCard pa memole kadi yake ndi pa kompyuta yake kasitomala asanachoke, chifukwa mndandanda wotere ukagwera m'manja mwa akuba a pa foni, amaimbira achibale a munthuyo powatchula maina awo enieni n'kuwanamiza kuti m'bale wawo wagonekedwa m'chipatala ndipo akufunika ndalama mwamsanga.