Ng'oma zolira ku Chirunga zimayambira pachitsa

Nkhani zabwino zochokera ku Chirunga sizisowa. Timamva pa wailesi kuti ophunzira zaluso avala mikanjo ndi kulandira madigiri, kuti a zisudzo akasangalatsa anthu kumizinda ina, kuti wina amene anaphunzira nyimbo kumeneko tsopano akuphunzitsa anzake. Ine ndikamva zotere mtima umadzaza, pakuti mwa ng'oma zimene zimalira ana amenewa akamavina, zina zinatuluka m'manja mwangamu. Ndine mmisiri wosema ndi kukunga ng'oma. Kwathu ndi ku Dedza, kumene atsibweni anga anandigwiritsa sompho ndisanamere ndevu, ndipo kuno ku Zomba ndinabwera ndi chikamwini.

Achinyamata a lero amaona ngati n'zachizolowezi kuti munthu avine chimtali kapena tchopa pa yunivesite n'kulandirira pomwepo mamalikisi. Ife amene tinakula ng'oma ikutchedwa chikunja, mwana wa sukulu akukwapulidwa chifukwa chopezeka kubwalo, timadziwa kuti ulendo wake unali wautali. Yunivesite ya Malawi inalandira ophunzira ake oyamba mu 1965, ndipo Chancellor College, imene timaitchula Chanco, inasamukira ku Chirunga kuno ku Zomba mu 1973 kuchoka ku Chichiri. Gulu lake la zisudzo la Travelling Theatre silinafune kudzitsekera m'kalasi. Mu 1981 a Chris Kamlongera ndi a David Kerr anapita ndi ophunzira ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukapanga masewero pamodzi ndi anthu a m'midzi, okamba za mavuto a eni mudziwo. Pakati pa zaka za m'ma 1980 ntchito yofananayo inachitikanso cha ku Liwonde, pa nkhani za umoyo, zitsime ndi ukhondo. Sewero la pabwalo la mudzi limaitanidwa ndi ng'oma, limayenda ndi nyimbo, ndipo anthu amalowa okha m'bwalo kudzayankha. Kuyambira pamenepo ophunzira ku Chanco anazindikira kuti ng'oma ndi chida chantchito monga lilili buku. Pambali pa a zisudzowo panali a Mjura Mkandawire ku nyimbo, a Kay Chiromo ojambula ndi utoto, ndi a Berlings Kaunda amene ntchito yawo yosema ife amisiri timaipatsa ulemu. Chichokereni 2021, pamene makoleji anagawikana, sukulu ya ku Chirunga ndiyo inatsala ndi dzina la Yunivesite ya Malawi, koma ife a m'mbali muno tikuitchulabe Chanco.

Tsono ng'oma imene imalira mu Great Hall ya ku Chanco imayamba ndi munthu woyenda m'thengo akuyang'ana m'mwamba. Mtengo wa ng'oma ndi mtondo, ndi mlombwa, ndi mvunguti, ndiponso muwale kwa amene akufuna yopepuka. Mlombwa umapirira chiswe, ndipo mawu ake amatuluka owuma bwino. Muwale ndi wofewa, sompho imangolowa, koma sukhalitsa. Atsibweni ankagogoda thunthu ndi chigumbu cha nkhwangwa n'kutchera khutu: mtengo umene wayamba kale kubooka m'kati umayankha mosiyana, ndipo umenewo ndi mwayi, pakuti theka la ntchito wagwira kale wokha. Chipika ndimachigoba chisanaumitsitse. Ukachedwa nacho chimalimba, tchizulo n'kumangonjanja, komanso chipika chouma chili chathunthu chimang'aluka kuchokera pamtima.

Kugoba ndiko kumene mmisiri amadziwikira. Ndimayamba kumutu, ndikafika pakati ndimatembenuza n'kuyambira kumiyendo, mpaka mabowo awiriwo akumane. Kunja aliyense angathe kusalaza, koma mawu a ng'oma amakhala m'kati, m'mene wogula sayang'anamo. Khoma likakhala lochindikala mbali imodzi, ng'oma imalira mogontha. Likapyapyala kwambiri imasweka pokhoma zikhomo. Ndimayeza ndi zala, dzanja lina m'kati lina kunja, ndikuzungulira pang'onopang'ono, ndipo pamene pakana ndimapalapo ndi kasemasema. Mlomo wa kumutu, pamene padzagone chikopa, uyenera kukhala wosalala ndi wolingana ponseponse, popanda kamphuno ngakhale kang'ono, chifukwa pamenepo ndi pamene chikopa chimayambira kung'ambika ndiponso pamene zikhatho za woyimba zimatupira. Mpanje ndimausema wautali, wowongoka, kuti uzigunda pansi osatopa. Mbalule ndimaipatsa mimba ndi khosi lopanikiza, pakuti ndiyo imalankhula ndi miyendo ya wovina. Za kudambwe sindinena pano, si malo ake, koma aliyense amene anaonererapo gule pabwalo anaona kuti wa mbalule maso ake sachoka pa mapazi a chilombo.

Chikopa ndimagula kwa opha ng'ombe ndi mbuzi pa tsiku la msika. Ndimachitambasula n'kuchiyang'anitsa kudzuwa. Pamene wosenda anapitirira ndi mpeni pamaoneka kamzere kowala, ndipo chikopa chotero, chingakongole bwanji, ndimachisiya. Cha pakhosi n'chochindikala, cha pamimba n'chopyapyala ndi chotamuka, ndiye ine ndimadula cha m'nthiti. Akale ankakunga ng'oma zazing'ono ndi chikopa cha ng'azi kapena cha gwape. Masiku ano lamulo loteteza nyama zakutchire sililola, ndipo ine ndimagwirizana nalo, mbuzi imakwanira. Chikopacho chimagona m'madzi mpaka chifewe, kenaka timachiyala pamutu pa ng'oma ubweya uli kunja. Apa munthu mmodzi sakwana. Mwana wa mlongo wanga amakoka mbali iyi, ine ndimakhoma chikhomo cha nsungwi m'bowo limene ndinaboola ndi chitsulo chamoto, kenaka timadumphira mbali yopenyana nayo, kenaka m'mbali, kumangosinthanasinthana choncho kuti chikopa chisapendekere. Ng'oma yongokungidwa kumene siikidwa padzuwa. Imauma pamthunzi, mofatsa. Ikauma ndimawaza phulusa n'kumeta ubweya pamene pazigwa dzanja, kusiya wa m'mphepete.

Chotsiriza ndi phula. Timasinja nsatsi n'kuumba kampira, ena amasakaniza ndi phula la njuchi, ndipo timamata pakati penipeni pa chikopa. Kulemera kwake kumatsitsa mawu. Ukawonjezera, ng'oma imabangula, ukachotsako, imakwera. Kubwalo ntchito yotsalayo imagwiridwa ndi moto: anyamata amayatsa udzu kapena mapesi, kuwamba ng'oma akuigogoda ndi chala, mpaka wamkulu wa ng'oma agwedeze mutu.

Pamotopo ndi pamene ntchito yanga inakumana ndi ntchito ya ku yunivesite, ndipo ndi pamene ndinaphunzira zambiri kwa ana amenewa. M'holo simusonkhedwa moto. Nyengo ya ku Zomba, makamaka mu Juni ndi Julaye chiperoni chikatsika phiri, imalowetsa chinyontho m'chikopa, ndipo ng'oma imene inali kulira bwino masana imafika madzulo itafooka. Kumudzi zikatero gule amaima kaye, anthu amaseka, amacheza, ng'oma zikuwambidwa. Pasiteji sewero siliima, pakuti nyali zayaka ndipo anthu alipira pakhomo. Mnyamata wina wa chaka chomaliza anabwera kwathu ndi funso limeneli. Anagwada kaye kupereka moni, kenaka anati, “Bambo, tingatani kuti mbalule isagone pakati pa sewero?” Tinakhala pansi pa mtengo wa mango n'kuyamba kuyesa. Tinagwirizana zosema ng'oma ziwiriziwiri za mawu ofanana, kuchokera pa chipika chimodzi ndi chikopa chimodzi, kuti ina ikamalira inzake ikhale ikuothera mbaula kuseri kwa holo, ndipo pamene ovina atuluka kukasintha zovala, azisinthanitsa mwakachetechete. Iyenso anandionetsa chimene sindikanachidziwa ndekha. Anaika maikolofoni pafupi ndi chikopa, tinamva kuwomba kwa zikhatho kokha. Anaisunthira kubowo la kumiyendo, ndipo chifuwa chonse cha ng'oma chinatuluka. Kuyambira tsikulo, ng'oma ya pasiteji ndimaikulitsa pang'ono pakamwa pa kumiyendo.

Alipo amene amati vuto lonseli latha ndi djembe, ng'oma ya zingwe yochokera ku Mali ndi ku Guinea, imene yadzaza m'misika ya alendo kuyambira ku Lilongwe mpaka kunyanja. N'zoona kuti ya zingwe sifuna moto: ikafooka umangokoka mfundo. Ndimazisema nanenso akandipempha, ndipo sindizinyoza, pakuti kwawo zili ndi magule ake ndi akatswiri ake. Koma djembe ili ndi mawu akuthwa, othamanga, a chikopa chambuzi chokokedwa kwambiri. Chisamba sichivinidwa ndi mawu amenewo. Amayi akamatsika m'chiuno amatsatira kugunda kolemera kwa chikopa cha ng'ombe chomatidwa phula, ndipo ukawapatsa ng'oma ina, mapazi amasintha osadziwa. Ndinaonererapo gulu lina la achinyamata, osati la ku Chirunga, likuvina manganje ndi ma djembe okhaokha. Anthu anaomba m'manja, koma agogo ena achiyao amene ndinakhala nawo pafupi anangoti, “Awa ndi magule a kuti?” Funso limenelo linandipweteka. N'chifukwa chake ndimalemekeza aphunzitsi amene amaumirira kuti gule aliyense aimbidwe ndi ng'oma zake, ngakhale zivute kunyamula ndi kuwamba.

Ophunzira ena amabwera ndi makope ndi mafoni ojambulira, kufufuza za digiri yawo. Amayeza kutalika kwa mpanje, kukula kwa mlomo, kuchindikala kwa khoma, n'kumafunsa chifukwa cha chilichonse. Poyamba mafunso awo ankandidabwitsa, pakuti atsibweni sankafotokoza, ankangoti ona. Koma pofuna kuwayankha ndinayamba kuganizira zimene manja anga amachita okha. Mtsikana wina wophunzira zosema sanakhutire ndi kulemba. Anati, “Agogo, ndibwerekeni sompho.” Kwathu ntchito imeneyi inali ya amuna, ndipo anansi anabwera kudzasuzumira. Anatuluka matuza, anamanga kansalu, napitiriza. Kang'oma kamene anagoba kanali ndi khoma lolingana kuposa la anyamata ambiri amene ndawaphunzitsapo, chifukwa iye anali atazolowera kale kumva chochindikala ndi chopyapyala poumba dongo m'kalasi mwawo. Anakatenga kukaonetsa pa chionetsero cha ntchito za ophunzira, ndipo pakapepala ka pansi pake analembapo dzina la mudzi wathu.

Dziko lapansi linavomereza kale kuti magule athu ndi chuma. Bungwe la UNESCO linalengeza gule wamkulu ndi vimbuza mu 2005, tchopa wa Alhomwe analembedwa mu 2014, ndipo mu 2020 analemba sansi, pamodzi ndi mbira ya ku Zimbabwe. Pa sansi chimene chinandikondweretsa n'chakuti analemba luso lopanga chidacho pamodzi ndi luso lochiimba. Ndi mmene ziyenera kukhalira ndi ng'oma. Ku Thyolo nako, pa yunivesite ya MUST, kuli sukulu ya Bingu ya chikhalidwe kumene amaphunzitsa nyimbo za chiAfrika, choncho oimba ndi ovina ophunzira akuchulukirachulukira. Osema ndiwo tikuchepa. Anzanga amene ndinkagulitsa nawo ambiri anatsogola, ndipo ana awo anasankha kabaza kapena ulendo wa ku Joni, kumene ndalama imaoneka msanga. Sindiwadzudzula. Ng'oma imodzi imadya masabata, ndipo wogula wa pamsewu amafuna kuitenga pa mtengo wa nkhuku. Chimene ndimalakalaka n'chakuti masukulu a zaluso aziitana amisiri kudzaphunzitsa m'kalasi, ndi malipiro ake, kuti mwana wolandira digiri ya nyimbo azitha kukunga yekha ng'oma ikang'ambika, ndipo mwa khumi atulukemo mmodzi woidziwa kuyambira pachitsa.

Mitengo nayo ikutha. Mtondo wokwana mpanje umafuna zaka zochuluka kuposa zimene munthu amagwira ntchito, pamene wootcha makala amaugwetsa m'mawa umodzi. Mlombwa waukulu kuno sindikumbuka pamene ndinauona komaliza uli chiimire, ndipo kudula mtengo wachilengedwe kumafuna chilolezo cha a zankhalango, chimene n'choyenera. Masiku ano ndimagula mango akale amene asiya kubereka, ndi malaina. Mango amalira ndithu, koma amafuna kuumitsa mosamala ndi kupaka mafuta m'kati kuti anankafumbwe asalowe. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagwetsa mitengo yambiri chakum'mwera kuno, ndipo zipika zina zimene eni ake anandigulitsa nthawi imeneyo ndizo ndikusema mpaka lero. Zikatha sindikuona kumene kudzachokere zina zazikulu chotero.

Ku Zomba konkuno kuli malo a boma ofufuza za nkhalango kumene kumapezeka mbewu za mitengo yachilengedwe. Ine ndi mwana wa mlongo wanga tinafesa mbawa ndi mtondo m'machubu kuseri kwa nyumba, ndipo muwale timangodula nthambi n'kuzika m'malire a munda, umaphuka wokha. Ophunzira amene akubwera kudzatenga ng'oma zawo chaka chino ndawauza kuti mtengo wake ndi ndalama ndi dzenje limodzi: mvula ikagwa mu Disembala, aliyense abwere ndi khasu, mbande adzaipeza kuno.