ZILEMBO ZIWIRI ZIMENE SINDIDZAZIIWALA

Anzanga kuno ku seminale adanditcha dzina loti Dikishonale. Dzinali ndinkalikonda kwambiri, ndipo wina akandiitana choncho ndinkayankha msanga kuposa akanditchula dzina langa laubatizo. Lero ndafuna ndikuuzeni, abale anga, chifukwa chake dzinali silindikomeranso ngati kale.

Kwathu ndi m'tauni ya Nkhata Bay, kufupi ndi doko pamene pamakocheza Ilala, sitima imene idayamba kuyenda pa nyanja yathu mu 1951. Ife a ku Nkhata Bay timadziwika ndi kukonda Chingerezi. Akuluakulu amati zidayambira pa sukulu za mishoni ya ku Bandawe, imene idakhazikika m'dera lathu mu 1881. Amanyadiranso Clements Kadalie, mwana wa ku Chifira, amene adayambitsa bungwe la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919. Ine ndidakula ndikumva zimenezi, ndipo ndidatsimikiza mumtima kuti sindidzachititsa manyazi kwathu.

Nditafika Fomu 2 ndidagula kakope kapadera kolembamo mawu ataliatali. Loweruka madzulo tinali ndi kamasewera kathu: mmodzi amatchula zilembo, enafe n'kupeza liwu lalitali lokhala ndi zilembozo. Tsiku lina mnzathu adati tipeze liwu lokhala ndi a, e, i, o, u motsatana. Onse adangoti kakasi, koma ine ndidatchula awiri. Loyamba lidali "abstemious", kutanthauza munthu wodziletsa pa kudya ndi kumwa. Lachiwiri lidali "facetious", munthu wochita nthabwala pa nkhani yosafunika nthabwala. M'kakopemo mudalinso "uncopyrightable", liwu la zilembo 15 mopanda chilembo chobwerezedwa, lonena za chinthu chimene lamulo silingalole munthu kuti achiyese chake ngati wochilemba. Mfumu ya onse idali "antidisestablishmentarianism", zilembo 28, maganizo a anthu a ku England amene ankakana kuti mpingo wa Anglican ulekanitsidwe ndi boma. Liwu limeneli ndinkalitchula ngakhale posamba.

Tchuthi chapitachi ndidapita kwathu ndi kakope kanga m'thumba. Tsiku lachitatu agogo anga aakazi adabwera kuchokera kuchipatala atanyamula kabuku kawo ndi timapilisi m'kapepala. Makutu awo adayamba kuvuta, choncho zambiri zimene adokotala adawauza sadazimve bwino. Amayi adali atapita ku Mzuzu kukaoda katundu. Agogo adandipeza pakhonde ndili ndi amayi awiri oyandikana nafe, ndipo adati:

"Mdzukulu wanga, iwe ndiwe wa sukulu ya ansembe. Tandiwerengera, alembamo chiyani umu?"

Ndidatsegula kabukuko ndipo ndidaona liwu loti "hypertension" ndi manambala pambali pake. Kunena zoona, liwuli mudalibe m'kakope kanga. Ndidakumbukira chabe kuti m'phunziro la Biology tidakumanapo ndi mawu oyamba ndi "hyper" ndi ena oyamba ndi "hypo", koma limene limanena za kuchuluka ndi limene limanena za kuchepa, mutu udasokoneza. Amayi aja adali kundiyang'ana mwachidwi. Kodi Dikishonale akadanena bwanji kuti sakudziwa? Ndidakhosomola pang'ono n'kunena kuti:

"Agogo, akuti magazi anu akuyenda mofooka. Si nkhani yoopsa ayi. Muzingodya bwino, ndiwo zikhale zolowa mchere."

Agogo adakondwa. Adati ngati vuto ndi kufooka chabe, mankhwala ake ndi kondowole ndi usipa, ndipo timapilisi tija adatisomeka kudenga. Amayi aja adandiyamikira kuti sukulu ikundipindulira.

Patapita masiku anayi, agogo adapita kumsika. Kumeneko mutu udawagwira kwambiri, maso adachita chidima, mpaka adakhala pansi pakati pa anthu ogulitsa nsomba. Mwamwayi padali mayi wina wa mpingo wathu amene adapuma pa ntchito ya unamwino. Iyeyu adawaperekeza kuchipatala, ndipo madzulo adabwera nawo kunyumba. Atawerenga kabuku kaja adafunsa mokweza kuti, "Kodi ndani adakuuzani kuti musiye mankhwala? Matenda anu ndi kuthamanga kwa magazi. Mchere ndiye mdani wanu!"

Ine ndidali pakhomo, miyendo ikunjenjemera. Agogo adandiyang'ana kamodzi kokha, kenaka adayankha kuti, "Ndi makutu angawa, mwana wanga. Sindidamve bwino." Mawu amenewa adandilasa kuposa chikwapu. Munthu amene ndikadamuphetsa ndiye adali kundibisa. Sindidathe kupirira. Ndidagwada n'kuulula zonse pamaso pa amayi, amene adali atabwerako.

Mayi uja sadandikalipire. Adatenga pensulo n'kulemba mawu awiri pa chikuto cha kakope kanga. "Hypertension" ndi pamene magazi akuthamanga mopitirira, kuyambira pa 140/90 kupita m'mwamba, ndipo munthu atha kufa nako ziwalo. "Hypotension" ndi pamene mphamvu ya magazi yatsika. Adandiuzanso kuti munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere pa tsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Kusiyana kwa mawu awiriwa ndi "er" ndi "o" basi, koma pakati pake padali moyo wa agogo anga. Akuluakulu adanenadi kuti safunsa adadya phula. Chowawa n'chakuti phulalo ndidadyetsa wina.

Titatsegulira sukulu ndidakawafotokozera Bambo amene amatithandiza pa moyo wauzimu. Iwo adandiuza kuti "hyper" ndi "hypo" ndi mawu a Chigiriki, loyamba likutanthauza pamwamba, lachiwiri pansi. Kenaka adandiuza za msonkhano wa maepiskopi wa ku Nicaea mu 325, umene udagwiritsa liwu loti "homoousios" pophunzitsa kuti Mwana ali ndi umulungu umodzimodzi ndi Atate. Pambuyo pake ena adafuna "homoiousios", kutanthauza kuti Mwana angofanana ndi Atate. Kachilembo kamodzi kokha, koma Mpingo udakana, pakuti chikhulupiriro chathu chikadasintha. Adamaliza ndi kundiuza kuti wansembe amafunsidwa mafunso tsiku ndi tsiku ndi anthu amene amamukhulupirira kotheratu, ndipo ayenera kuphunzira kunena kuti, "Sindikudziwa, ndikafunse kaye."

Kakope kanga sindidakataye, ndipo masewera a Loweruka ndimachitabe. Chidasintha n'chakuti liwu lililonse ndimalilemba pamodzi ndi tanthauzo lake m'Chichewa ndi m'Chitonga, mwa njira yoti agogo angamve. Likandikanika kumasulira, ndimadziwa kuti sindidalidziwe, ngakhale nditatha kulitchula mosaphonya.

Kwa anzanga a Fomu 1 amene mwayamba kusirira mawu ataliatali, ndikuti asonkhanitseni ndithu, ndi chuma. Koma mukapita kutchuthi, makolo adzakupatsani makalata ndi timabuku ta kuchipatala kuti muwawerengere. Pamenepo musaope kufunsa.

Agogo tsopano akumwa mankhwala m'mawa uliwonse ndipo akupeza bwino. Chonde muziwakumbukira m'mapemphero anu.